Mbendera ya Mayi Darima

Ku Nairobi ndinapita kukaphunzitsa amayi kusoka. Ndi mmene anandiuzira mayi wina amene tinkapemphera naye ku Balaka, yemwe mwamuna wake ankagwira ntchito ku bungwe lina kumeneko. Anati ku Kibera atsegula sukulu ya amayi amasiye ndipo akufuna munthu wodziwa makina. Inenso ndinali wamasiye, choncho anati tikamvana. Mwana wanga Tadala anali atangoguluka mano a kutsogolo. Ndinamusiya m'manja mwa akulu anga, a Nachisale, ndi kuwauza kuti ndi chaka chimodzi chokha, zikavuta ziwiri.

"Onse amatero," anayankha akulu angawo, uku akundimangira mtedza wokazinga m'kajumbo. "Pita, mwanayu ndi wanga yemwe."

Ulendo unali wa masiku atatu pa basi, kudzera ku Songwe ndi ku Tanzania. Ndinafika mapazi atatupa moti nsapato ndinachita kunyamula m'manja.

Sukulu ija inalipodi, koma sinathe ndi chaka chomwe. Amene ankaithandiza anatembenukira kwina, ndipo m'mawa wina kunabwera lole kudzatenga makina onse, ife tikuonerera. Mayi anandiitana uja anali atasamukira kale dziko lina ndi mwamuna wake. Kubwerera kumudzi chimanjamanja ndinachita nako manyazi. Amene ananditola anali Achieng, mmodzi mwa amayi amene ndinkawaphunzitsa, mzimayi wamtali wa mawu okweza, amene kunena zoona ankasoka bwino kundiposa. Mpaka tsiku losiyana ankanditcha Mwalimu, ndiye kuti mphunzitsi.

"Mwalimu, nyamula chikwama," anatero. "Chipinda changa n'chaching'ono, koma anthu awiri oonda akwanamo."

Chinali chipinda chamatope ndi malata, pafupi ndi njanji. Sitima ikamadutsa, mapoto ankayimba okha pa msomali. Mvula ikagwa tinkakweza matiresi pa mipando ndi kukhala chogwada pabedi, tikuseka, chifukwa kulira tinali titatopa nako. Achieng ndi amene anandiphunzitsa Chiswahili cha m'matatu, maminibasi a kumeneko, ndi cha pamsika, ndi kudya nyemba zosakaniza ndi chimanga osadandaula. Ndi yemweyonso anandipezera ntchito kumene iye analowa, ku Ngara, kwa mayi wina dzina lake Mama Njeri, amene anali ndi shopu yosoka mbendera.

Shopuyo inali pamwamba, chipinda chopanda zenera, makina asanu ndi atatu ndi getsi limodzi lalitali limene linkaphethira tsiku lonse. Nairobi ndi mzinda wa misonkhano. Sabata iliyonse kuli anthu a masuti amene akufuna timbendera tapatebulo, mbendera zapagalimoto, zina zazikulu zopachika pakhomo la hotela. Ife tinkadula, kulumikiza, kupinda m'mphepete, kusita. Mayiko ambiri ndinawadziwa ndi zala: ili ndi la nyenyezi zisanu, ili ndi la mtanda wopendekeka, ili ulusi wake wofiira umatha msanga. Kuti dzikolo lili kuti, anthu ake amadya chiyani, sindinkafunsa. Pofika madzulo maso ankaona mizere ngakhale nditatsinzina, ndipo msana unkachita ngati wina waukhomera thabwa.

Mwezi ukatha ndinkatumiza kangachepe kumudzi, ka yunifolomu, ka feteleza, ka malata. Poyamba Tadala ankalanda foni kwa amayi ake aakulu n'kumandiuza zonse, za mbuzi yobereka, za mnzake womutsina m'kalasi. Zaka zikamapita mawu anayamba kuchepa.

"Muli bwanji amayi?"

"Ndili bwino mwanangu. Sukulu ikuyenda?"

"Ikuyenda. Dikirani ndiwapatse amayi aakulu."

Kamodzi pamwezi Amalawi tinkakumana ku Karen, kunyumba kwa banja lina la mpanda wautali ndi kapinga wometa bwino. Anali anthu abwino, sindinganame. Tinkapemphera, kuyimba nyimbo zakwathu, kudya. Koma iwo ankafika pa magalimoto awo akukambirana za maofesi ndi masukulu a ana, pamene ine ndinkatsika matatu kutali n'kuyenda wapansi, tepi yoyezera ili m'chikwama.

"Atelala afika! Mwaswera bwanji atelala? Ndili ndi chitenje changa chija."

Ndinkawayeza m'chiuno kuseri kwa khitchini, n'kubwerera ku Kibera dzuwa lisanalowe.

Mayi Darima anakwera masitepe athu tsiku lina masana, akupuma pa sitepe iliyonse. Anali gogo wamfupi, tsitsi loyera lomanga kumbuyo, nkhope yotakata, maso ang'onoang'ono. Anzanga ananong'onezana kuti kwabwera Mtchaina. Koma atatsegula pakamwa munatuluka Chiswahili chosalala kuposa changa, ndipo anali atawamva.

"Sindine Mtchaina," anatero osakwiya, ngati munthu amene wayankha funso lomwelo moyo wake wonse. "Ndine Mburyati. Simunamvepo, ndikudziwa."

Anaonetsa Mama Njeri chithunzi pa foni, nati akufuna mbendera imodzi, yaikulu yoti n'kufunda munthu. Ntchitoyo inagwera ine. Sabata imeneyo tinali ndi mulu wa timbendera ta msonkhano, ndipo chithunzicho ndinangochiyang'ana kamodzi: buluu, yoyera, yachikasu. Ndinadula zigawo zitatu zofanana monga ndinazolowera. Kachizindikiro kachikasu kanali pamenepo tinakatumiza kwa osindikiza, kanabwera kooneka ngati anyezi, ine n'kukamata pakati.

Atabwera kudzatenga, ndinaitambasula patebulo. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakhala pansi pa mpando wa Achieng osapempha.

"Iyi si yathu," anatero.

"Mitundu ndi yomweyo, Shosho," anayankha Mama Njeri. Shosho ndi mmene amaitanira agogo kumeneko. "Ikakhala m'mwamba palibe angazindikire."

"Sikupita m'mwamba. Ndi yofunda ine m'bokosi."

Makina onse anaima. Mama Njeri anati pepani, koma nsalu yadulidwa kale, ndipo yatsopano idikire msonkhano uthe, mwinanso mwezi wamawa. Gogoyo anangogwedeza mutu, n'kuisiya mbendera ija patebulo, n'kuyamba kutsika. Ndinali nditalakwitsapo zinthu zambiri pa ntchito imeneyo, koma ndinali ndisanalakwitsepo nsalu ya maliro a munthu amene waima pamaso panga. Ndinamutsatira n'kumupeza pa sitepe yachitatu, atagwira khoma.

"Amayi, wolakwa ndine. Lamulungu sindigwira ntchito. Mukandilola ndidzasoka ina."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Iwenso si wakuno," anatero. "Chiswahili chako chikutsimphina."

Ankakhala ku Roysambu, m'nyumba zosanjikizana zodzaza ana a sukulu zaukachenjede, mawailesi akulira khomo lililonse. M'chipinda mwake munali makina akale opukusa ndi dzanja, amene anati anabwera nawo kuchokera kwawo. Anandipatsa tiyi wamkaka wothira mchere. Ndinamwa chifukwa cha ulemu, iye akundiyang'ana mochenjera, kenako anaseka n'kundikankhira shuga.

Ndinapita Malamulungu anayi. Ntchitoyo inali ya tsiku limodzi, koma iye sankafuna kuthamanga, ndipo chilichonse ankafuna ndichimvetse ndisanadule. Anatulutsa chithunzi chakale cha pepala: mwamuna wovala chikhoti chokhuthala ataima pa chipale kutsogolo kwa nyumba yaikulu, pamwamba pake mbendera. Anali mlongo wake.

"Taona. Buluu ndi theka lonse la nsalu. Yoyera ndi yachikasu zimagawana theka lotsalalo. Iwe unazipatsa mofanana, ngati ukugawira ana chinangwa."

"Bwanji buluu achuluke?"

"Chifukwa kwathu thambo ndi lalikulu kuposa dziko. Ukaima m'chigwa, udzu uli m'munsimu pang'ono, kwina konse ndi thambo. Makolo athu ankalilambira. Komanso tili ndi nyanja, Baikal, yozama, imene nthawi yozizira imauma mpaka galimoto kuyenda pamwamba."

Ndinaganiza kuti akundinamiza, koma sindinatsutse. Anati yoyera ndi kuyera mtima, ndi mkaka umene amalandirira nawo mlendo. Yachikasu ena amati ndi muyaya, ena amati ndi mtundu wa chipembedzo cha amonke, ansembe awo. Dziko lawo, Buryatia, anati lili m'kati mwa Russia, kutali kum'mawa, kumalire ndi Mongolia, ndipo chilankhulo chawo ndi chachibale ndi cha a ku Mongolia.

Chizindikiro chija, chimene ine ndinachisandutsa anyezi, anachijambula yekha pa katoni ya sopo. Anati dzina lake ndi soyombo, ndipo malo ake si pakati, ndi pa buluu, chakumtengo kumene mbendera imamangidwira. Pansi mwezi wooneka ngati chikwakwa, wogona chagada. Pamwamba pake dzuwa lozungulira. Pamwamba pa dzuwa, moto wa nsonga zitatu.

"Mwezi ndi dzuwa ndi ngati bambo ndi mayi a mtundu wathu, sizitha. Nsonga zitatuzi ndi anthu: amene anapita, amene alipo, ndi amene sanabadwe. Yapakatiyi italikeko. M'chilankhulo chako zimenezi mumati chiyani?"

"Timati malawi a moto."

"Malawi? Ngati dziko lako?"

"Eya, mawu ake ndi omwewo."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye unalephera bwanji kusoka dzina la kwanu?"

Lamulungu lachiwiri ndi pamene anandiuza mmene anafikira ku Kenya. Anakumana ndi mwamuna wake ku sukulu ya udokotala wa ziweto, mnyamata wa ku Nyeri amene anapita kukaphunzira kwawo kwa gogoyo masiku amenewo Russia ndi mayiko ena ambiri anali dziko limodzi lalikulu. Anakwatirana, n'kubwera naye kuno ali mtsikana.

"Pochoka ine mbendera iyi kunalibe," anatero. "Ndinachoka pansi pa nsalu yofiira ya nyundo ndi chikwakwa. Dera lathu linali ndi yake, koma inali yofiira yomweyo, angolembapo dzina lathu. Ndiye dziko lalikulu lija linaphwasuka ine ndili kuno, ndikuthamangitsana ndi mwana wa sukulu. Dziko lolembedwa pa pasipoti yanga linangotha. Patapita nthawi ndinalandira kalata ya mlongo wanga, muli chithunzichi. Analemba kuti, tsopano tili ndi yathuyathu, bwera udzaione ikuuluka."

"Munapita?"

"Ndinati chaka chamawa. Chaka chimenecho mwana ankalemba mayeso. Chinacho tinkamanga nyumba. Kenako bambo akunyumba anayamba kudwala, ndipo anadwala zaka zambiri. Amayi anamwalira, ndinamva patatha milungu. Mlongo wanga naye anapita. Lero adokotala akuti mtima wangawu sungakwere ndege. Sindinaionepo ndi maso, mwana wanga. Ndimangoidziwa papepala ndi pafoni."

Ndinamuuza kuti ifenso yathu inasinthidwapo, dzuwa lofiira lotuluka lija analichotsa n'kuika loyera lathunthu, anthu n'kung'ung'udza mpaka lakale linabwerera. Anati ndiye kuti anthu akwanu amaiyang'ana mbendera yawo, n'zabwino. Kenako anafunsa ngati ndili ndi ana. Ndinati mmodzi, mtsikana.

"Ali ndi zaka zingati?"

Ndinatchula. Ndikupitiriza kupukusa makina, ndinawerenganso mumtima, n'kupeza kuti ndaphonya ndi zaka ziwiri. Sindinakonze. Koma iye anaona kuti dzanja langa laima, ndipo sanafunsenso kanthu tsiku limenelo.

Soyombo ndinaisoka pamanja, mbali zonse ziwiri, ndi ulusi wachikasu umene tinakausaka limodzi m'mashopu atatu chifukwa wina ankati wawala kwambiri, wina wafiirira. Nsonga yapakati ndinaiphwasula kawiri. Tsiku lomaliza tinaitambasula pabedi lake. Anaisisita kuyambira pa buluu mpaka pa chikasu, n'kulankhula mawu ena m'chilankhulo chake, amene sanandimasulire. Kenako anati tipite nayo pakhonde. Tinaigwira wina uku wina uku, pansanjika yachinayi, pakati pa zovala za anthu zoyanikidwa, ndipo kamphepo kochokera ku msewu waukulu wa Thika kanaitukumula pang'ono. Mtsikana wina pakhonde loyandikana anafuula kufunsa ngati ndi ya timu ya mpira.

"Eya," anayankha mayi Darima. "Timu yaing'ono."

Ndinapitiriza kukamuona ngakhale ntchito inali itatha, osati Lamulungu lililonse, koma ndikapeza mphamvu. Anandiphunzitsa kupinda tizitumbuwa tawo ta nyama tophika ndi nthunzi, ine n'kumakana tiyi wamchere mpaka mapeto. Miyezi ingapo itadutsa, foni inalira ndili pa makina. Anali mwana wake, a Mwangi, bambo wa imvi zake amene ndinakumana naye kamodzi kokha. Anati amayi atisiya, ndipo anasiya mawu oti telala wa ku Malawi adzakhalepo.

Mama Njeri anandipatsa tsiku limodzi. Achieng anati sindingapite ndekha kumaliro a eni, anandiperekeza. Mwambo unali kumudzi kwa malemu mwamuna wa mayi Darima, kumapiri a ku Nyeri, kozizira, minda ya tiyi mbali zonse. Anthu anali ambiri, matenti atatu. Bokosi linali pabwalo, ndipo a Mwangi anatulutsa mbendera ija m'chikwama kuti ayale pamwamba. Asanamalize kuitambasula, bambo wina wachikulire wa ndodo, mng'ono wa malemu bambo awo, anaigwira pakona.

Ankalankhula Chikikuyu, ine osamva, koma mayi wina pambali pathu anatinong'oneza. Akuti mwezi ndi moto ndi zizindikiro za milungu yachilendo, sizingakhale pa bokosi limene abusa akudzalipempherera. Akuti mayiyu anakwatiwa kuno, wakhala kuno zaka zonsezi, ndi wakuno, za kwawo zinatha kalekale. Akuluakulu ena a mpingo anavomereza ndi mitu. A Mwangi anaima ndi nsalu m'manja, akuyang'ana uku ndi uku ngati mwana. Kenako anayamba kuipinda.

Ine ndine munthu wamantha. Zaka zonse za ku Nairobi ndinaphunzira kuyenda m'mbali mwa khoma, wopanda mapepala okwanira, wosafuna kuonekera. Koma miyendo inangondinyamula. Ndinafika pamaso pa bambo wa ndodo uja, n'kugwada monga timachitira kwathu, anthu n'kudabwa chifukwa kumeneko sagwada.

"Bambo, pepani, ine ndine mlendo," ndinatero m'Chiswahili changa chotsimphina. "Nsaluyi ndinasoka ndine. Si ya mankhwala, si ya milungu. Ndi ya kwawo kwa mayiwa, ngati yanu ija ya chishango ndi mikondo. Moto uwu ndi makolo awo, ndi iwo, ndi zidzukulu zanu zomwe zakhala apozi. Sanapemphe kuti muwabweze kwawo. Anangopempha chofunda."

Bamboyo anandiyang'ana, kenako anayang'ana ana amene ndinawaloza. Sanagonje, ndisaname. Anati pamwamba pa bokosi ayi, zimenezo sizichitika pakhomo pa mkulu wake. Koma anati za m'kati mwa bokosi iye sakuziona, ndipo anatembenuka n'kupita kukakhala pampando.

Amuna ena anatsegula chivundikiro cha bokosi. A Mwangi anandipatsa ine mbendera ija. Ine ndi Achieng tinamufunditsa gogoyo kuyambira pamapewa mpaka kumapazi, buluu chakumtima, soyombo ili pachifuwa. Ndinaipinda m'mbali kuti isapanidwe potseka. Mayi Darima anali wamng'ono kwambiri m'menemo, nsalu inatsalako yambiri. Anatseka, abusa anayamba nyimbo, ndipo anthu ambiri m'matenti aja sanadziwe n'komwe chimene chinachitika.

M'matatu pobwerera, titayamba kuona nyumba zosanjikizana za mumzinda, Achieng anatembenukira kwa ine.

"Mwalimu, ukupita kwanu, eti?"

"Ndikupita."

"Ndinadziwa pamene unagwada paja. Pita. Koma lumo lako lija undisiyire."

Ndinamusiyira. Pa siteshoni sanalire, anangondikalipira kuti ndamanga katundu moipa, n'kumasula, n'kumanganso yekha.

Ku Balaka ndinafika masana, dzuwa likuswa mtengo. Nyumba ya akulu anga inali ya malata tsopano, yopaka laimu. A Nachisale anali atakalamba, akuyenda chowerama, koma anandikumbatira ndi mphamvu. Kenako m'nyumba munatuluka mzimayi wamtali, khanda lili kumsana. Anayala mphasa, n'kugwada chapatali, n'kuwomba m'manja.

"Mwayenda bwanji?"

Ndinayankha kuti ndayenda bwino, kaya inu. Ndinati inu. Mawuwo anatuluka okha, chifukwa amene anagwada pamenepo anali mayi wa mwini wake, ndipo ndinamuzindikira ndi chipsera cha pachibwano chokha. Za mwanayo palibe anandiuza pafoni. Akulu anga anati ankaopa kuti ndidwala nazo maganizo kutaliko, ndipo bambo wake wa mwanayo anapita ku Joni, sakumveka.

Masabata oyamba ndinali mlendo weniweni. Madzi osamba ankandiikira kubafa, chakudya ankandipatsira m'mbale za alendo, ndikagwira tsache ankandilanda. Tadala akafuna mchere, akafuna malangizo a mwana wotentha thupi, ankaitana kuti amayi, ndipo ndikatembenuka ndinkapeza akuyang'ana a Nachisale. Sindinamuimbe mlandu. Amene anamutengera kuchipatala, amene anamulangiza atakula, amene anamugwira dzanja pobereka, sindinali ine. Ndinayesa kumufotokozera za Kibera, za Achieng, za gogo wa kudziko la nyanja youma. Anamvetsera mwaulemu, n'kunena kuti akaone ndiwo pamoto.

Tsiku lina m'mawa akulu anga anapita kumaliro kumudzi wina. Ine ndinali pakhonde, ndikusenda chinangwa, chifukwa panalibe wondilanda mpeni. Tadala anatuluka ndi thumba la chimanga choti apite nacho kuchigayo, mwana akulira kumsana. Anayesa kusenza, thumba linaterereka. Anayesanso. Kenako anaima, n'kuyang'ana kumsewu kumene amayi ake aakulu analowera, n'kuyang'ana ine. Anamasula chitenje, n'kumutsitsa mwanayo, n'kumuika pamiyendo panga osagwada, osawomba m'manja.

"Tamugwirani. Akalira musamupatse madzi ozizira, phala lili m'kapu. Ndipo musamamunyamule choncho, sakonda."

Anasenza thumba n'kumapita. Mwanayo anandiyang'ana, n'kukwinya nkhope, n'kuyamba kulira kwambiri. Analira mpaka mayi ake anabwerako, ine ndikuzungulira naye bwalo lonse, msana ukuwawa, osafuna kuti wina aliyense abwere kudzandilandira.